Pomwe Tepi Inathera

Lolemba, 12 Juni 2023

Andigoneka lero masana, wodi ya amuna, bedi loyandikana ndi zenera. Vuto ndi phazi lakumanzere. Chitsa cha chimanga chinandibaya mu Epulo, chilonda chakana kupola, chala chachikulu chada, ndipo fungo lake ndikulimva ndekha. Shuga 21. Andibaya insulini, andiika diripi, atsuka chilonda. Sindinalire, koma ndinaitana malemu mayi anga, ine Gerevazio wa zaka 65.

Gadiyani ndi mwana wanga Susan. Wasiya ana ake ndi kalasi yake ku Mayani. Kope lino wagula ndi iye kuti ndizilembamo shuga, akuti adokotala akandifunsa ndimanama. Ndizilembamo zomwe ndikufuna.

Kukuzizira koopsa. Pazenera ndikuona Phiri la Dedza, komwe ndinagwira ntchito ya nkhalango mpaka kupuma. Lero nkhungu yalibisa theka.

Lachiwiri, 13 Juni

Shuga 17. Phala lopanda shuga, tiyi wopanda shuga. Munthu ungafe ndi chisoni matenda asanakuphe.

Pabedi lakumanja pali mdala wotupa miyendo, a Rafaelo Zikhalo, mphunzitsi wopuma wa ku Mphunzi. Mtima wawo wafooka, madzi akudzadza m'chifuwa, amagona chokhala, kachubu ka okosijeni kali m'mphuno. Akazi awo, a Nangozo, sakhala pansi: kuwapukuta, kuwafunditsa, kuwakalipira. Anandigawira kachewere wophika. Susan anandilanda theka.

Lachitatu, 14 Juni

Ndilemba zambiri lero.

Mmawa anamwino akumasula bandeji ndinatembenukira kukhoma. Ndiye ndinamva mluzu. Poyamba ndinauyesa wa nyimbo ya kutchalitchi. Kenaka unakhota pomwe nyimbo ya kutchalitchi singakhote, nkutsimphina, nkukwera. Thupi lonse linachita tsemwe, ululu ndinauiwala.

"Aphunzitsi, nyimbo imeneyo mwaitenga kuti?"

"Simungaidziwe, bambo. Ndi ya azungu ena ake akalekale."

"Masitiriyo," ndinatero. "Mbali yachiwiri, pomwe limba limalowa."

Mdala uja anachotsa kachubu m'mphuno kuti andione bwino. A Nangozo anakabwezera.

Tapezeka kuti tinaphunzira sekondale imodzi ya mishoni. Iwo anatuluka mu 1974, ine ndinalowa mu 1975. Kunali Bulazala Lusiyeni wa ku Kanada, wophunzitsa sayansi, amene Loweruka masana ankatulutsa galamafoni pakhonde nkumaikira anyamata zimbale. Chimodzi chinali chodabwitsa. Pachikuto pake panali phiri la nkhungu ndi chitseko choima chokha popanda nyumba. Mbali yoyamba nyimbo zinayi, mbali yachiwiri nyimbo imodzi yokha kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Sinali rumba, sinali simanjemanje, kuvina sikunkatheka. Anyamata ambiri ankathawira kumpira. Otsalawo inawagwira ngati matenda.

A Rafaelo anachimva chimbale chenichenicho. Ine ayi. Pomwe ndinkafika Bulazala anali atabwerera kwawo chifukwa chodwala, chimbale anapita nacho, anangosiya tepi yomwe anajambulira anyamata. Ine ndinakulira tepiyo. Ndinajambula yanga, ndinakhala nayo kunkhalango mpaka wailesi inaitafuna cha m'ma 90. Malemu mkazi wanga ankaitcha nyimbo ya anthu osowa chochita. Chiitafunireni sindinakumanepo ndi munthu woidziwa.

A Nangozo anagwira m'chiuno. "Kalanga ine, apezana amisala awiri! Zaka zonsezi mluzu womwewu. Kumunda womwewu, kubafa womwewu, pamaliro a anthu ndimachita kuwatsina."

Shuga ndaiwala kufunsa.

Lachinayi, 15 Juni

Shuga 15. Achotsa minofu yakufa. Kuda kwafika pa chala chachitatu.

Tsiku lonse takhala tikukangana za Masitiriyo. Iwo akunditchula a Folesiti chifukwa cha ntchito yanga ya nkhalango. Timagwirizana kuti anali anyamata asanu a ku Mangalande, ndiponso kuti woimba limba anaphunzirira mu tchalitchi. Kuchoka pamenepo palibe chomwe timagwirizana. Iwo akuti mwini bandi anali wa limbayo. Ine ndikuti anali wa ng'oma, chifukwa ndani wina angamenye ng'oma yowerenga zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zinayi, anzake osasochera? Akuti wa ng'omayo anachoka atajambula chimbalechi, atakangana ndi anzake pa nyimbo yaitaliyo. Zimenezo nanenso ndinamva. Koma za woimba mawu, ife tinauzidwa kuti anapenga. Iwo akuti bodza, anangotopa ndi kutchuka nkupita kukaweta nkhosa, Bulazala anawauza ndi pakamwa pake.

"Munthu kusiya ndalama nkukaweta nkhosa, si kupengako kumeneko?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anamwino anatiopseza kuti atisiyanitsa mabedi ngati ana a sukulu.

Loweruka, 17 Juni

Abwera adokotala aakulu a maopaleshoni. Anagwira kuseri kwa bondo, anagwira pakakolo, anakanda phazi ndi singano, ine osamva. Akuti magazi sakufika kumusi. Akuti mankhwala akungochedwetsa, chofunika ndi kudula mmunsi mwa bondo poizoni asanakwere. Anasiya pepala loti ndisayine.

Ndakana. Ndinabwera ndi miyendo iwiri padziko pano, m'bokosi ndikalowa nayo iwiri. Ndadula paini moyo wanga wonse, ndikudziwa kuti chitsa chake sichiphuka. Chimangokhala pamenepo nkumaola.

Susan watuluka panja. Pobwera maso anali ofiira.

Lamulungu, 18 Juni

Kunabwera akatekisiti ndi Ukaristia. Tinalandira tonse awiri. Atangotuluka tinayambana, Mulungu atikhululukire.

Ndinangonena kuti chomwe chimandikomera pa nyimbo yaitali ija ndi mathero ake. Limba limakwera, gitala akulithamangira, ng'oma ikutsimphina pambuyo, zonse zikukwera, ukuti tsopano chitseko chija chitseguka, basi pomwepo du! Zii. Palibe kutsanzika. Ndakhala ndikuuza anthu kuti azungu aja anali anzeru, ankadziwa kuti moyo umatha choncho, mawu ali mkamwa. Mkazi wanga anapita choncho, akusenda nyemba.

A Rafaelo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"A Folesiti, pamenepo si pothera. Pamenepo ndi pomwe tepi inathera."

"Aphunzitsi, musandipusitse."

"Chimbale chinali chachitali kuposa tepi. Bulazala anadandaula, koma panalibe ina. Limba likafika pamwamba paja limatsika. Zonse zimakhala chete, kenaka pamabwera chitoliro chokha. Chokhachokha. Ndiye mbali yabwino koposa pa chimbale chonse."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu sungandilande chinthu chomwe ndasunga chikhalire mnyamata ndi mawu awiri okha. Ndinati akupeka, ukalamba wawasakanizira ndi nyimbo za pa Lenti. Ndinati ngati chitolirocho chilipo, imbani timve.

Anakonza milomo. Panatuluka kamphepo, kenaka chifuwa. Anayesanso, nkhope inachita bii. A Nangozo anawatsamiritsa nkundiyang'ana ine ngati ndaba nkhuku.

"Kanyimboka kamafuna mpweya wautali," anatero a Rafaelo atapuma. "Afunseni awa, amakadziwa kuposa ine."

"Ine?" anatero a Nangozo. "Mkazi woimba mluzu munamuona kuti? Kwathu akanandithira tsabola mkamwa. Gonani apa."

Lolemba, 19 Juni

Shuga 19. Thupi likutentha, 38.4. Asintha mankhwala a mu diripi.

Susan atatopa ndi phokoso lathu anati zonse zili mu foni masiku ano, tingomuuza dzina la bandi, mkangano uthe. Ndinamuuza. Anati ndilembe. Ndinalemba monga zinalembedwera pa tepi ya kusukulu, zilembo zazikulu zisanu ndi chimodzi. A Rafaelo anavomereza kuti ndi momwe zinalili pakati pa chimbale, pamwamba pa kabowo.

Mwana uja anayang'ana pepalalo, nkundiyang'ana ine, nkugwira pakamwa.

"Ababa, sitiriyo si dzina la bandi. Amalemba choncho pa chimbale chilichonse. Amatanthauza kuti mawu akutuluka mbali ziwiri."

Wodi yonse inamva. Mnzathu wothyoka mwendo wa pabedi lapakona anaseka mpaka kugwetsa kapu.

Anyamata a sekondale, odziwa Chilatini, tinatenga mawu aakulu koposa pa chimbale nkuwayesa dzina. A Rafaelo akuti Bulazala ankangomwetulira anyamata akamati Masitiriyo. Akuti dzina lenileni analitchulapo kamodzi, linali lalitali, palibe anasunga. Safunsa anadya phula.

Susan anayesabe. Analemba za chitseko, za phiri, za woweta nkhosa. Foni inatulutsa zimbale zambirimbiri, anatiimbira zina, palibe yathu. Anati tiimbe mluzu, foni imatha kuzindikira nyimbo. Ndinaimba ine. Inatibweretsera kwaya ya ku Zambia.

Tinaseka, koma kuseka sikunakhalitse. Bulazala anamwalira kalekale. Anzathu a pakhonde paja ambiri ali kumanda. Ndiye kuti chitoliro chija, ngati chilipodi, chatsala m'chifuwa chimodzi, ndipo chifuwacho chadzadza madzi.

Lachiwiri, 20 Juni

Kutentha 39. Kufiira kwadutsa kakolo. Anamwino ajambula mzere ndi bolopeni pamwendo kuti aone ngati kukukwera.

Pepala lili pa loka. Sindinaligwire.

Lachitatu, 21 Juni

Kwadutsa mzere.

Susan anagwada pafupi ndi bedi. "Ababa, amayi anapita osatipatsa mpata. Inu mpata mukuukana dala." Ndinamuuza kuti adzuke, pansi pakuzizira. Zoona zake ndikuopa. Sindikuopa mpeni, ndikuopa kudzuka ndili theka, kumanyamulidwa popita kuchimbudzi, adzukulu kumandiyang'ana pomwe palibe kanthu.

A Rafaelo awapopa madzi m'chifuwa. Akuyankhula pang'onopang'ono, mawu atatu nkupuma.

Lachinayi, 22 Juni

Masana azimayi atapita kukaphika kukhitchini ya magadiyani, a Rafaelo anandiitana.

"A Folesiti. Vuto lanu ndi limodzi. Chinthu chikadulidwa, mumati chatha."

"Paini saphuka, Aphunzitsi."

"Nanga bulugamu?"

Bulugamu amaphuka, mphukira zinayi kapena zisanu pa chitsa chimodzi, tinkachita kupatulira.

"Ine wanga mtima," anatero, "sangaudule nkutsala wina. Akanati kudula, ndikanasayina dzulo. Inu akukupatsani, mukunyada." Anapuma nthawi yaitali. "Tipangane. Mpweya ndikuusunga. Andipopa, mawa ndikhala bwino. Pitani ku fiyeta akachite opaleshoniyo. Mukabwera ndidzakuimbirani chitoliro chonse. Mukakana, ndipita nacho. Mudzafa mukuyesa kuti du uja ndi nzeru za azungu."

"Kumeneko ndi kuopseza wodwala."

"Eya."

Ndinatukwana chamumtima. Ndinayang'ana mwendo, ndinayang'ana phiri. Susan atabwera ndi mbale ndinamuuza kuti andipatse bolopeni. Sanafunse chifukwa, mwina kuopa kuti ndisintha maganizo.

Ndasayina. Anthu akadzafunsa ndidzati ndinachitira mwana wanga, ndipo si bodza. Koma m'kope lino ndilembe zonse: ndikufunanso kumva ngati mdalayu akunama.

Lachisanu, 23 Juni

Osadya chilichonse chiyambire dzulo. Shuga 11, akuti zili bwino. Magazi botolo limodzi akonzeratu.

A Rafaelo lero akuoneka owala. Adya nthochi. Anamwino akundikankha pa tolole, iwo anakweza zala ziwiri, mbali yachiwiri.

Lamulungu, 25 Juni

Ululu. Chala chomwe kulibe chikuyabwa.

Ndili m'chipinda china, cha ochokera ku fiyeta.

Lolemba, 26 Juni

Andibwezera ku wodi. Pabedi lakumanja pali munthu wina, wa chifuwa, sindikumudziwa.

Susan anadikira ndimwe mankhwala kenaka anandiuza. A Rafaelo anatisiya Loweruka mmawa, a Nangozo akuwapukuta kumaso. Anawatengera ku Mphunzi tsiku lomwelo, aikidwa dzulo.

Lachiwiri, 27 Juni

Sindikufuna kulemba.

Lachinayi, 29 Juni

Kutentha kwatsika, 37. Shuga 9. Adokotala akuti bala ndi loyera, ndinachita mwayi, sabata ina ikanakhala nkhani ina.

Ndakwiya ndi munthu wakufa. Anandinyenga ngati mwana womupatsa mankhwala owawa. Ankadziwa kuti safika Lolemba, mphunzitsi uja, anandiyang'ana m'maso nkundigulitsa katundu yemwe analibe. Mwendo wapita, chitoliro palibe. Mwinanso kunalibe chitoliro nkomwe.

Ndamudziwa masiku owerengeka okha. Ndikumulira ngati tinabadwa mimba imodzi. Chinthu chikandikumbutsa nyimbo ija ndimatembenukira kumanja, nkupeza munthu wachilendo akulavula mu kachitini.

Loweruka, 1 Julayi

Abwera a mafizo, ophunzitsa odwala kuyenda, ndi ndodo ziwiri. Ndaima. Dziko linazungulira. Ndakhala.

Lolemba, 3 Julayi

Ndafika pakhomo la wodi ndi kubwerera. Susan anaomba m'manja ngati ndine mwana wa sitandade wani. Akuti ulusi achotsa sabata ino, koma mbali ina ya bala ikuchedwa chifukwa cha shuga, ndikhalabe kuno.

Ndayesa kuimba mluzu mbali yachiwiri ndekha. Ndinafika pa du paja. Kale pamenepo ndinkamva kukoma. Tsopano pangokhala ngati pakhomo pomwe anthu anasamuka. Mdala uja wandilanda mathero anga osandipatsa ake.

Lachisanu, 7 Julayi

Shuga 8. Achotsa ulusi wina.

Nthawi yoona odwala ya masana ndinali chogona, nsana ku khomo. Ndinamva Susan akuti, "Ababa, kwabwera alendo."

A Nangozo. Mpango wakuda kumutu, chitenje cha Amayi Akatolika, fumbi la njinga yamoto mpaka m'nsidze. Aonda. Anagwada kundipatsa moni, ine ndinalephera kudzuka bwino kuti ndiwapepese. Tinalira pang'ono. Anaika kathumba ka kachewere pa loka nkuuza Susan kuti asandilande.

Ndinati sanayenera kuvutika, maliro akadali aawisi, anthu kumudzi anena.

"Anena kale," anatero. "Koma ndatumidwa. Lachisanu lija inu muli ku fiyeta, anzanu aja anandigwira dzanja. Akuti, Nangozo, ndili ndi pangano ndi a Folesiti. Ndikapanda kufika, ukafikitse ndiwe. Ndinati abambo, ine ndi mluzu wapi ndi wapi? Akuti ukadzafuna kukana udzakane pamaso pa a Folesiti."

Anakhala pa mpando, manja pamiyendo. Anayamba ndi kuimbira m'mphuno, koma mawu ananjenjemera nkuduka. Anapukusa mutu. "Sizikhala choncho. Iwo sankatero."

Anayang'ana uku ndi uku. Wodi inali yodzadza, amuna pamabedi, alendo ndi mabasiketi awo. Anakonza mpango. Kenaka mayi wamkulu uja, wamasiye wa sabata ziwiri, anasongola milomo pakati pa wodi ya amuna nkuyamba kuimba mluzu.

Anayambira patali, pomwe limba limayamba kukwera, kuti ndidziwe pomwe tili. Sanaphonye ngakhale kutsimphina kwa ng'oma. Anakwera, anakwera, mpaka pa du panga paja. Ndipo sanaime. Mawu omwewo omwe tepi inkawadula pakati anawamaliza, nkutsika nawo pang'onopang'ono ngati munthu wotsika phiri atasenza nkhuni. Anakhala chete. Ndinayesa kuti basi. Kenaka kanabwera kanyimbo kena, kakang'ono, kosathamanga, komwe sindinakamvepo chibadwire, koma ndinakazindikira. Ndi kanyimbo koyambirira kwenikweni kwa mbali yoyamba, komwe gitala amakaimba mwaukali, koma apa kali kokha, kofatsa, kakubwerera kwawo. Munthu sangapeke zimenezo. Kanazungulira kawiri nkutha bwinobwino, motsanzika.

Mayi wina anagwira pakamwa. A Nangozo anapukuta milomo ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi pomwepo?" ndinafunsa.

"Ndi pomwepo. Akafika apa ankatula khasu nkufunsa ngati madzi osamba atentha." Anayang'ana pansi. "Ndinkawakalipira, koma akapita kusukulu ndinkaimba ndekha kuseri kwa nkhokwe. Sindinawauzepo. Kaya anadziwa bwanji."

Ndinawapempha kuti abwereze. Anati ayi, kamodzi kakwana, manyazi awapha kale. Kenaka anabwereza. Kachitatu ndinatsatira ine, anandikonza pawiri, mwaukali ngati amuna awo.

Susan anawaperekeza pa siteji.

Loweruka, 8 Julayi

Shuga 7. Bala lauma. Akuti Lachiwiri ndikhoza kutuluka.

Nkhungu yachoka, phiri likuoneka lonse. Ndayenda ndi ndodo mpaka pakhonde, ndakhala padzuwa, ndaimba mbali yachiwiri kuyambira koyamba. Pa du paja mpweya unandithera. Ndinapuma, nkupitiriza.

Aphunzitsi, mkangano uja mwapambana. Koma za ng'oma sindinasinthe, mwini bandi anali yemwe uja.